MAGANIZO ATHU: WANDALE WAKALE AKAFIKA PAMUDZI, TIMULANDIRE KOMA TIMUFUNSE

Abale ndi alongo a m'malire, a ku Angónia, Tsangano, Macanga, Chifunde, Marávia ndi Moatize, lero tsamba lino likufuna kukambirana nanu za mlendo wina amene ambiri a ife tinamuonapo, ndipo tidzamuonanso. Mlendoyu ndi munthu wandale amene anakhalapo pampando koma tsopano anatsikapo. Mwina anali phungu ku Nyumba ya Malamulo ku Maputo, mwina anali administradori wa distritu, mwina bwanamkubwa wa chigawo kapena nduna ya boma.

Nthawi ya kampanya ikakwana, zipani zimawakumbukira anthu oterewa. Ofuna mipando ikuluikulu amapita kumabwalo a mpira a m'matauni, kumene kuli zokuzira mawu, oyimba ndi atolankhani. Kumidzi kuno, kumene galimoto limafika movutikira, amatumizako achikulire akalewa kuti akalankhule ndi anthu makumi atatu kapena anayi pansi pa mtengo wa mango, pabwalo la amfumu kapena kuseri kwa msika. Chisankho chachikulu chinachitika pa 9 Okutobala 2024. Potsatira zaka zisanu za lamulo, cha matauni chidzabwera mu 2028 ndipo cha Pulezidenti ndi aphungu mu 2029. Nkhanga zinapangana kusanache. N'chifukwa chake tikukamba nkhaniyi tsopano, mitima ili m'malo, ng'oma za zipani zisanayambe kulira.

Msonkhano waung'ono si wopeputsa

Anthu ambiri amaupeputsa msonkhano wotere. Amati kulibe zoyimba, kulibe malole onyamula anthu, ndipo wolankhulayo alibenso mphamvu yosayina kalata iliyonse. Ena amapitako kukaona ngati kugawidwe kapulana, zikapanda kutero amabwerera kumunda. Ife tikuona kuti kwa munthu wa kumudzi msonkhano umenewu ndi wamtengo wapatali kuposa komisiyu yaikulu ya m'tauni.

Pa komisiyu yaikulu mtsogoleri amaima pa nsanja, apolisi ali pakati, anthu ali kutali padzuwa. Iye amalankhula, ife timaomba m'manja, kenaka fumbi la magalimoto kobo, wapita. Palibe amene amafunsa kanthu. Koma pansi pa mtengo, pakati pa mlendo ndi mlimi pamangokhala mphasa imodzi. Mayi wogulitsa mbatatesi akhoza kuimika dzanja. Nkhalamba imene inathawira ku Dedza nthawi ya nkhondo ikhoza kuyang'ana mlendoyo m'maso ndi kumufunsa. Mwayi wotere subwera kawirikawiri, ndipo pali chifukwa chake.

Inu a m'malire mumamva wailesi ya ku Malawi ndipo mumagula ndi kugulitsa m'misika ya tsidya lija. Mukudziwa kuti kumeneko dera lililonse limasankha phungu wakewake, anthu amamudziwa dzina, ena amadziwa ngakhale pakhomo pake. Kuno ku Moçambique lamulo lathu ndi lina. Nyumba ya Malamulo ili ndi mipando 250. Ife tikamavota timasankha chipani, ndipo chipanicho ndicho chimalemba ndandanda wa mayina a chigawo chonse cha Tete, kuyambira ku Zumbo mpaka ku Mutarara. Mavoti akachuluka, amalowa ambiri a pa ndandandawo, kuyambira pamwamba kutsika mmunsi. Choncho phungu amaopa kwambiri akuluakulu a chipani amene amaika dzina lake pamwamba kapena pansi, kusiyana ndi mlimi wa ku Dómuè kapena ku Furancungo amene anadetsa chala chake ndi inki. Administradori nayenso sitimusankha ndife, amachita kuikidwa. Panali pangano loti madistritu ayambe kusankha okha atsogoleri awo mu 2024, koma mu 2023 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo lalikulu la dziko ndipo chisankho chimenecho sichinachitike.

Zikatere, munthu amene anatilamulira kapena kutiimirira zaka zisanu, khumi, akhoza kutsika pampando osatiuzapo ngakhale tsiku limodzi zimene anachita m'dzina lathu. Tsiku limene wabwera yekha pamudzi kudzapempha mavoti a chipani chake ndilo tsiku lokhalo limene tingamve kuchokera pakamwa pake.

Ulemu uyambe

Tisanafike pa mafunso, tinene za ulemu. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Wandale wakale akafika, apatsidwe mpando, apatsidwe madzi, alonjeredwe monga mwa mwambo wathu, kaya ndi wa Frelimo, wa Renamo, wa MDM, wa Podemos kapena wa chipani china chilichonse. Achinyamata asamukuwize, asamugende, asang'ambe mbendera yake. Munthu amene watsika pampando mwamtendere n'kubwerera pakati pa anthu wachita chinthu chimene makolo athu sanachione nthawi ya atsamunda, ngakhale m'zaka za chipani chimodzi.

Tikumbukire kumene tachokera. Nkhondo ya zaka 16 inatha ndi pangano limene a Joaquim Chissano ndi a Afonso Dhlakama anasayina ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Nthawi imeneyo abale athu pafupifupi miliyoni imodzi anali othawa kwawo ku Malawi, ambiri a iwo ochokera m'midzi yathu yomwe ino. Atabwerera anapeza minda itasanduka tchire ndi masukulu opanda madenga, komabe pa 27, 28 ndi 29 Okutobala 1994 anaima pamizere kuvota koyamba pa chisankho cha zipani zambiri. Frelimo inapeza mipando 129, Renamo 112, ndipo União Democrática 9. Anthu amene anali kuwomberana dzulo lake anakakhala m'nyumba imodzi kutsutsana ndi pakamwa. Ufulu woti munthu wa chipani chilichonse aime pabwalo n'kulankhula unagulidwa ndi mwazi wambiri. Tikamugenda mlendo tikunyoza manda a abale athu.

Koma ulemu sutanthauza kutseka pakamwa. Pabwalo la milandu timawaombera m'manja amfumu, komabe timanena zimene zatipweteka. Safunsa anadya phula.

Wakale ali ndi mapazi ake

Munthu watsopano pa ndale amabwera ndi malonjezo okhaokha, ndipo tilibe pomuyezera. Wakale ndi wosiyana, chifukwa anayendapo kale ndipo mapazi ake akuoneka. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Wandale wakale akabwera pamudzi amadzapeza zonse ziwiri, phazi ndi mlomo womwe.

Dziko lathu laona akale a mitundu iwiri. A Chissano, amene anatsogolera dziko kuyambira 1986, sanaimenso pa chisankho cha 2004, ndipo mu Febuluwale 2005 anapereka mpando kwa a Armando Guebuza. Mu 2007 anakhala munthu woyamba kulandira mphotho ya Mo Ibrahim, imene imaperekedwa kwa atsogoleri a mu Afirika amene atsika pampando bwino. Mbali inayi, a Manuel Chang, amene anali nduna ya zachuma, anasayina zikalata zoti boma lidzabweza ngongole za makampani atatu, Ematum, ProIndicus ndi MAM, zokwana pafupifupi madola 2 biliyoni, m'zaka za 2013 ndi 2014, Nyumba ya Malamulo isanavomereze. Nkhaniyi itaululika mu 2016, maiko otithandiza anaimitsa ndalama zimene ankaika m'thumba la boma, metikali inagwa, ndipo mtengo wa sopo, mafuta ndi feteleza unakwera mpaka kumudzi kuno. A Chang anagwidwa ku South Africa mu Disembala 2018, ndipo khoti la ku New York linawapeza olakwa mu Ogasiti 2024.

Onsewa ndi andale akale, ndipo anali a chipani chimodzi. Izi zikutiphunzitsa kuti dzina loti wakale silitsuka munthu, ndiponso silimudetsa. Mtundu wa malaya amene wavala suyankha funso. Chimene chimayankha ndi ntchito imene anagwira ali pampando.

Tisanamizidwenso kuti wakale watha ntchito. Anansi athu a ku Malawi anachotsa a Peter Mutharika pa chisankho cha mu Juni 2020, ndipo pa chisankho cha 16 Seputembala 2025 anawabwezeranso pampando. Wakale wa lero akhoza kukhala bwana wa mawa. Amene mukumuona akusuzumira m'midzi popanda apolisi mwina akukonza njira yoti dzina lake libwerere pa ndandanda, kapena la mwana wake, kapena la mnzake. Palibe cholakwa pamenepo, bola anene poyera.

Mafunso oyenera kufunsa

Tsamba lino likupempha mudzi uliwonse kuti ukamva zoti kukubwera mlendo wotere, ukhale pansi dzulo lake. Mutu umodzi susenza denga. Gwirizanani mafunso atatu kapena anayi, sankhani owafunsa, mwamuna ndi mkazi, wamkulu ndi wachinyamata, kuti mlandu usagwere munthu mmodzi. Funsani mwaulemu, koma molunjika.

Loyamba likhale la m'mbuyo. Mungathe kunena kuti: "Bambo, takulandirani ndi manja awiri. Musanatiuze za mawa, tatiuzani, pa zaka zimene munali pampando, n'chiyani chimene munachitira dera lino chimene tingapite kukachiloza ndi chala?" Ngati ndi mlatho, autchule mtsinje wake. Ngati ndi sukulu kapena chipatala, atchule mudzi ndi chaka. Inu eni ake mukudziwa ngati zilipodi.

Lachiwiri likhale la ndalama. Ambiri mukukumbukira ndalama zija zotchedwa sete milhões, mametikali 7 miliyoni amene boma la a Guebuza linayamba kutumiza ku distritu iliyonse chaka ndi chaka kuyambira mu 2006, kuti anthu abwereke n'kuyamba ntchito za ulimi ndi malonda. Makonselo a m'madera ndiwo ankaona oyenera kulandira. M'madera ambiri a dziko lino ngongolezo sizinabwezedwe mokwanira. Ngati mlendo wanu anali administradori kapena mkulu wa posto m'zaka zimenezo, ndi woyenera kufunsidwa kuti ndani analandira, anasankhidwa bwanji, ndipo chigayo kapena khola limene analembera lili kuti. Sitikunena kuti aliyense anadya. Tikunena kuti amene anagwira mtanga ndiye adziwa pamene unkadonthera.

Lachitatu likhale la chuma cha chigawo chathu. Damu la Cahora Bassa ku Songo linabwerera m'manja mwa Moçambique mu Novembala 2007, ndipo magetsi ake ambiri amagulitsidwa kunja, makamaka ku South Africa. Malasha a ku Moatize amatuluka pa sitima kupita kunyanja, ena kudutsa m'dziko la Malawi mpaka ku Nacala. Mabanja amene anasamutsidwira ku Cateme kuti migodi itsegulidwe anatseka njanji mu Januwale 2012 podandaula za nyumba ndi minda imene anapatsidwa. Kuno kumtunda, Angónia ndi Tsangano zimadyetsa mizinda ndi chimanga, nyemba ndi mbatatesi, ndipo Macanga ndi Chifunde zimatulutsa fodya. Ndiye amene anali phungu afunsidwe: "Bambo, pamene nkhani zimenezi zinkakambidwa ku Maputo, inu munaimirira kangati kutinenera? Nanga bwanji mlimi wa m'malire amakakamizika kugulitsa mbewu zake motchipa kwa aliyense amene wafika ndi lole, chifukwa msewu wa kumudzi kwake mvula ikagwa sudutsika?"

Lachinayi likhale la iye mwini. Ngati anasintha chipani, anene chifukwa. Kusintha chipani si mlandu. A Raul Domingos, amene anatsogolera nthumwi za Renamo pa zokambirana za ku Roma, anachotsedwa m'chipanicho mu 2000 ndipo anadzayambitsa chawo. Malemu a Daviz Simango anachoka ku Renamo n'kuyambitsa MDM mu 2009. Anthu amachoka pa zifukwa zosiyanasiyana, ena chifukwa cha mfundo, ena chifukwa dzina lawo latsitsidwa pa ndandanda. Ife ovota tili ndi ufulu womva kuti mlendo wathu ali mbali iti, ndiponso ngati iye kapena wachibale wake akufuna mpando.

Mukatha kufunsa, mphunzitsi kapena mwana wa sukulu alembe mayankho m'kope, alembenso tsiku. Kopelo lisungidwe. Pakapita zaka zisanu adzabweranso, iye kapena mnzake, ndipo mudzamuwerengera mawu ake.

Tengani nzeru zake

Pali phindu lina limene ambiri saliona. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Munthu amene anakhala m'maofesi a boma amadziwa makomo amene ife sitiwadziwa. Amadziwa kumene pempho la chitsime liyenera kuperekedwa, mwezi umene ndondomeko ya chuma cha distritu imakonzedwa, ndi njira imene mudzi ungatsate kuti malo ake alembedwe. Lamulo la malo la 1997 linavomereza kuti anthu okhala pamalo motsata mwambo ali ndi ufulu pa malowo ngakhale alibe pepala, ndiponso kuti mudzi uyenera kufunsidwa malo asanaperekedwe kwa munthu wobwera. Nkhani zotere wandale wakale akhoza kuzifotokoza bwino. Chifukwa sakuopanso kuchotsedwa ntchito, nthawi zina amalankhula momasuka kuposa mmene ankachitira ali pampando. Mufunseni. Ngakhale musadzavotere chipani chake, nzeruzo zidzatsala pamudzi.

Kapulana ndi mantha

Zida ziwiri zimene zimaononga misonkhano yathu ndi mphatso ndi mantha. Za mphatso tinena mwachidule. Kapulana imatha chaka chimodzi, chipewa chimasuluka ndi dzuwa, mchere umatha sabata imodzi, koma wosankhidwayo amakhala zaka zisanu. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Kugula voti ndi mlandu pa lamulo la zisankho. Ndipo dziwani kuti voti ndi yachinsinsi. M'kachipinda kovotera mumalowa nokha. Amene anakupatsani malaya saona pamene mwachonga, ndipo mulibe naye ngongole.

Za mantha ndiye zoopsa kwambiri. Alipo akale, a mbali zonse, amene akasowa choloza amayamba kukumbutsa anthu za nkhondo. Amati mukavotera akutiakuti mfuti zidzaliranso, kapena mudzi uno sudzaona chitukuko. Anthu a m'malire mawu otere amawamva m'mafupa. M'zaka za 2015 ndi 2016 anthu zikwizikwi a m'distritu ya Moatize anathawiranso ku Kapise, ku Mwanza m'dziko la Malawi, chifukwa cha kumenyana kwa asilikali a boma ndi a Renamo. Chisankho cha 2024 chitatha, zotsatira zake zinatsutsidwa, anthu mazanamazana anafa pa zipolowe m'dziko muno, ndipo mabanja ena anaolokera ku Nsanje. Munthu amene akudziwa zonsezi n'kumaseweretsa dzina la nkhondo kuti apeze mavoti ndi wosayenera kumumvera. Muuzeni mwaulemu kuti: "Bambo, nkhondo tikuidziwa kuposa inu, tinagona kutchire ndife. Tiuzeni za msewu ndi mtengo wa feteleza." Chitsime, sukulu ndi mankhwala a kuchipatala zimachokera ku misonkho ya anthu onse, si mphatso ya chipani.

Mawu kwa amfumu ndi kwa akalewo

Kwa mafumu ndi anyakwawa tikuti: kuyambira pa lamulo la boma la nambala 15 la chaka cha 2000, munavomerezedwa ngati atsogoleri a m'madera, ndipo ambiri munalandira yunifomu ndi mbendera. Ulemu umenewo ndi wa mudzi wonse. Bwalo limene mwatsegulira mlendo wa chipani ichi lero, mutsegulirenso wa chipani icho mawa. Musalembe mayina a anthu amene afunsa mafunso ovuta, ndipo musawaitanire kumbali msonkhano ukatha. Mfumu ikatseka pakamwa pa anthu ake, mawa idzasowa womuuza kuti denga likudontha.

Kwa inu achikulire amene munatsika pampando tikuti: bwerani, midzi ndi yanu. Koma musabwere nthawi ya kampanya yokha. Bwerani pa maliro, bwerani mlatho ukakokoloka, bwerani mbewu zikasowa msika. Mukafunsidwa zimene zinalephereka, yankhani zoona. Anthu a kumudzi amakhululukira munthu wonena kuti ndinayesa koma zinandikanika, ndipo chifukwa chake ndi ichi. Amene samukhululukira ndi wolonjeza kachitatu mlatho womwewo ngati kuti anthu alibe mitu. Wakutsina khutu ndi mnansi. Mayi amene wakufunsani funso lowawa pansi pa mtengo sakudana nanu, akukuchitirani ulemu wokuyesani munthu woti angayankhe.

Pa 5 Malichi 2025, Pulezidenti Daniel Chapo ndi atsogoleri a zipani zingapo anasayina pangano loyambitsa zokambirana za dziko lonse, zokhudzanso lamulo lalikulu la dziko ndi malamulo a zisankho. Nkhani yoti phungu azidziwika ndi dera lake, ndi yoti distritu izisankha yokha mtsogoleri wake, ndi nkhani za ife a kumudzi kuposa wina aliyense. Wandale aliyense wofika pabwalo, wakale kapena watsopano, afunsidwe maganizo ake pa mfundo ziwirizi, ndipo ayankhe anthu onse akumva.

Tsamba lino silikuuzani chipani choti muvotere. Chala ndi chanu. Pempho lathu ndi loti tsiku limene mudzamve kuti kwabwera bambo uja anali phungu, kapena mayi uja anali nduna, musiye khasu kwa maola awiri, mupite ndi mafunso anu okonzeka ndi kope lanu m'manja. Mupatseni mpando, mumvereni mpaka amalize, kenaka imikani dzanja.